Mphumu yovuta ku Joni: mugonekedwe, muyezedwe mukugona kwanu, kapena mupite ku pulayiveti?

Amalawi ambiri kuno ku Joni amakhulupirira kuti munthu akagonekedwa m'chipatala ndiye kuti madokotala amuyeza zonse, chenicheni chidziwika. Pa mphumu sizikhala choncho nthawi zonse. Bedi la m'chipatala limapulumutsa moyo munthu akabanika, koma kuyeza kwambiri komwe kumatsimikiza kuti iyi ndi mphumu, komanso kuti ndi mphumu ya mtundu wanji, kumayenda bwino chifuwa chikakhala kuti chadekha. Choncho musanasankhe chipatala, dziwani kaye chimene mukufuna: kupulumutsidwa lero, kapena kudziwa chikukuvutani.

Tiyambe ndi mawu akuti mphumu yovuta, poti madokotala sawagwiritsa ntchito mwachisawawa. Amanena za munthu amene akumwa mankhwala oteteza amphamvu tsiku ndi tsiku, akupopa moyenera, zoyambitsa zina zonse zathetsedwa, koma akubanikabe. Anthu otere ndi ochepa. Ochuluka amene amafika ku chipatala ali wefuwefu amakhala kuti akudalira pampu ya buluu yokha, ya Asthavent kapena Ventolin, yomwe imatsegula njira za mpweya kwa maola ochepa koma osachotsa kutupa kwa m'kati. Ena ali nayo pampu yoteteza koma mankhwala onse amathera pa lilime. Enanso si mphumu n'komwe. Ngati mwamwa mapilisi ochotsa kutupa otchedwa prednisone kawiri kapena kuposa pa chaka chimodzi, kapena mwagonekedwapo chifukwa cha kubanika, kapena mukumaliza mapampu a buluu 3 pa chaka, mwafika poti muyezedwe mozama. Amene akumaliza pampu imodzi mwezi uliwonse ali pa chiopsezo cha imfa, ngakhale akuyenda bwinobwino ndi kupita ku ntchito.

Kulowera pa khomo la ngozi

Njira iyi munthu sasankha, imamusankha ndi nthendayo. Ngati mukulephera kumaliza chiganizo osapumira, ngati mukupuma koposa ka 30 pa mphindi, mtima ukuthamanga kuposa 120, kapena pampu ya buluu yapopedwa koma palibe kusintha, nyamukani. Milomo ikayamba kuda, munthu akayamba kusinza kapena kusokonezeka mutu, kapena m'chifuwa momwe mumalira fwiifwii mukangoti zii, pamenepo ndi poopsa zedi: kukhala chete kwa chifuwa kukusonyeza kuti mpweya sukulowanso. Imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 10177. Ambulansi ikachedwa, pezani galimoto ina iliyonse. M'njira popani kuyambira ka 4 mpaka ka 10 kudzera mu spacer (kabotolo kolumikiza pampu ndi pakamwa), kupopa kamodzi n'kupuma kangapo, ndipo bwerezani pakatha mphindi 20 zilizonse. Wodwala akhale tsonga, asagone chagada.

Lamulo lalikulu la dziko lino la South Africa, gawo 27, limanena kuti palibe amene ayenera kukanizidwa chithandizo cha pa ngozi. Silifunsa za pasipoti kapena pemiti. Izi zikukhudza zipatala za boma ndi za pulayiveti zomwe, kungoti ku pulayiveti akakutsitsimutsani akhoza kukutumizani ku boma ndipo bilu idzakutsatirani.

Pa khomo anamwino amagawa odwala m'mitundu inayi: yofiira, ya olenji, yachikasu ndi yobiriwira. Musamadzilimbitse pamenepo. Ife Amalawi tili ndi chizolowezi choyankha kuti "ndiliko pang'ono" ngakhale zinthu zafika pothina, ndipo yankho lotere likhoza kukuikani pa benchi. Nenani kuti muli ndi mphumu, mwapopa kangati, ndiponso ngati munalowapo mu ICU. Chotsatira chimakhala okosijeni, nebulaiza (makina opumitsa mankhwala ngati nthunzi) ya salbutamol ndi ipratropium mphindi 20 zilizonse mu ola loyamba, ndi prednisone wa 40 mpaka 50 mg amene mudzapitirize kwa masiku 5 mpaka 7. Zikakanika amaika magnesium sulphate wa 2 g m'dripi kwa mphindi 20. Amathanso kutenga magazi pa mtsempha wa pa dzanja, jakisoni wowawa ndithu, kuti aone mpweya woipa wa carbon dioxide. Mwa munthu amene akupuma mothamanga mpweyawu umayenera kutsika. Ukapezeka uli pa mlingo wa munthu wabwinobwino, kapena wakwera, ndiye kuti minofu yopumira yatopa, ndipo madokotala amayamba kuganiza za ICU.

Koma pa nkhani yofufuza, kugonekedwa kotereku kumapereka zochepa. Prednisone amatsitsa maselo a m'magazi otchedwa eosinophils m'maola ochepa chabe, choncho magazi otengedwa tsiku lachiwiri mu wodi akhoza kuoneka oyera pamene vuto lilipo. Kuyeza mapapo pa makina nakonso sikudalirika munthu ali pakati pa kubanika. Zomwe mungatuluke nazo zothandiza ndi izi: X-ray ya pachifuwa, zotsatira za makhololo, magazi oyamba aja amene anatengedwa mankhwala asanalowe, ndi manambala a peak flow (kachipangizo kouzira koyeza mphamvu ya mpweya wotuluka) asanakupatseni nebulaiza komanso atakupatsani. Pemphani kuti zonsezi zilembedwe m'kalata yotulukira. Kuno akuluakulu alibe kabuku ka kuchipatala koyenda nako ngati kumudzi. Fayilo imatsala ku chipatala, ndipo mukapita kwina mumayambiranso pachiyambi. Ijambuleni kalatayo pa foni tsiku lomwelo.

Kuyezedwa mukuchokera kunyumba, kudzera ku kiliniki

Iyi ndiye njira imene timalimbikitsa anthu ambiri, ngakhale imatopetsa. Mumayambira ku kiliniki ya m'dera lanu kapena pa chipatala chaching'ono ngati Hillbrow Community Health Centre, n'kupempha kalata yokutumizani patsogolo. Mwina adzakutumizani kaye ku chipatala cha pakati monga South Rand ku Rosettenville kapena Edenvale. Akatswiri a mapapo ndi makina oyezera ali m'zipatala zazikulu zophunzitsira za yunivesite ya Wits: Charlotte Maxeke ku Parktown, Helen Joseph cha ku Auckland Park, ndi Chris Hani Baragwanath ku Soweto. Kupita nokha kumeneko opanda kalata, pamene si ngozi, kumangokutayitsani tsiku ndi ndalama ya taxi.

Kuyeza kofunika kwambiri ndi spirometry. Amakutsekani mphuno ndi kachopanira, mumakoka mpweya mpaka mapapo adzaze, kenako mumauzira m'kapaipi mwamphamvu zanu zonse mpaka mpweya uthe. Amafuna kuuzira kwabwino katatu, ndipo akhoza kukubwerezetsani mpaka ka 8. Akatero amakupopani salbutamol kanayi, mudikire mphindi 10 mpaka 15, muuzirenso. Ngati mpweya wotuluka m'sekondi yoyamba, umene amautcha FEV1, wakwera ndi 12 peresenti komanso ndi 200 ml kapena kuposa, umenewo ndi umboni wamphamvu wa mphumu.

Apa ndi pomwe ambiri amaonongera tsiku lomwe adalidikira miyezi. Munthu amadzuka, n'kupopa mankhwala ake onse monga mwa masiku onse, n'kufika mapapo atatseguka kale. Makina saona kusintha, ndipo dokotala amatsala wopanda umboni. Kawirikawiri amafuna kuti pampu ya buluu musaigwire kwa maola osachepera 4, ndipo ya mphamvu yotalika, monga Symbicort, Seretide kapena Foxair, muisiye kwa maola 24. Funsani za izi tsiku lomwe akukupatsani deti, musaziganizire nokha, ndipo ngati mwabanika usikuwo popani basi, mukawauze. Musasute, musadye mokhuta, musavale chothina pamimba. Vuto lina ndi chilankhulo: woyeza amakuwa m'Chingerezi kapena m'Chizulu, inu n'kumauzira pang'onopang'ono ngati mukuziziritsa phala. Muuzeni akusonyezeni kaye iye mwini. Kumafunika kuphulitsa mpweya kamodzin'kamodzi.

Spirometry ikatuluka bwino sikuti nkhani yatha, chifukwa mphumu imabwera ndi kupita. Gulani kachipangizo ka peak flow ku famase. Uzirani katatu m'mawa ndi katatu madzulo, musanapope, n'kulemba nambala yaikulu pa zitatuzo, kwa masabata awiri. Kusiyana kwa m'mawa ndi madzulo kukamapitirira 10 peresenti mwa wamkulu, kapena 13 mwa mwana, kukuloza mphumu. Kapepala kameneka, kolembedwa ndi bolopeni pa tebulo la kunyumba, nthawi zina kamathandiza dokotala kuposa masiku atatu a mu wodi. Umboni ukasowabe, pali kuyeza kwa methacholine, komwe amakupumitsani mankhwala ofinya njira za mpweya pang'onopang'ono n'kuona ngati FEV1 itsike ndi 20 peresenti. Kumeneku sachita kwa amayi oyembekezera kapena kwa amene mapapo ndi ofooka kale.

Kenako amafufuza mtundu wa kutupa. Eosinophils akafika 300 kapena kuposa pa microlitre, ndi chizindikiro chomveka, ndipo ngakhale 150 amawerengedwa mwa munthu amene ali kale pa mankhwala amphamvu. Magaziwa atengedwe patapita sabata imodzi kapena awiri chimalizireni prednisone. Pali FeNO, kuuzira pang'onopang'ono kwa masekondi 10, komwe nambala yoposa 50 imasonyeza kutupa kwakukulu. Palinso kuyeza magazi kotchedwa IgE ndi kubaya timadontho pa khungu la mkono pofuna kudziwa ngati thupi limadana ndi mphemvu, tizilombo ta m'fumbi la m'nyumba, mungu wa udzu, chuku, mphaka kapena galu. Allergex ndi mankhwala ena a chimfine amabisa zotsatira za pakhungu, choncho amasiyidwa masiku angapo kusanachitike kuyezako.

Pali mfundo ina imene dokotala wa ku Joni mwina sangaiganizire mukapanda kumukumbutsa. Likodzo ndi njoka za m'mimba nazonso zimakweza eosinophils. Ngati munakulira ku Mangochi, ku Nkhotakota, ku Salima, ku Nkhata Bay kapena m'mbali mwa Shire, kapena munasambako m'nyanja pa ulendo wa Disembala, nenani. Kuli kanyongolotsi kotchedwa Strongyloides komwe kamakhala m'thupi zaka zambiri mwakachetechete, n'kufalikira moopsa munthu akapatsidwa prednisone wambiri. Kuyeza matenda onsewa ndi kwa magazi, chimbudzi ndi mkodzo basi.

TB musaithawe. M'dziko lino chifuwa chilichonse chokhalitsa chimayezedwa makhololo pa makina a GeneXpert, pamodzi ndi HIV, ndipo ku chipinda cha spirometry sangakulandireni ngati akukayikira TB. Komanso TB imene inachiritsidwa kalekale imatha kusiya zipsera ndi njira za mpweya zotambasuka zosunga makhololo, munthu n'kumalira m'chifuwa ngati wa mphumu. Ameneyu kumuonjezera prednisone n'kumupweteka. Amene anagwirapo ntchito mu mgodi atchule za fumbi la miyala. Achikulire amene akutupa miyendo ndi kubanika akagona chagada ayezedwe mtima.

Kuipa kwa njira imeneyi n'kodziwika: mizere, madeti otalikirana, tsiku lina magazi, tsiku lina X-ray, ndipo tsiku lililonse ndi ganyu yotayika. Ku kiliniki sikulipiritsa, koma ku chipatala chachikulu amakuikani m'gulu la H1, H2 kapena H3 malinga ndi zomwe mumapeza. Tengani pasipoti, pemiti ngati ilipo, umboni wa komwe mumakhala, ndi payslip kapena afidaviti ya ku polisi. Wofika chimanjamanja amatha kuikidwa m'gulu lolipira zonse. Mu Epulo 2023 khoti lalikulu la ku Gauteng linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azilandira chithandizo chaulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko lomwe achokera.

Kugonekedwa mochita kukonza

Nthawi zina katswiri wa mapapo amasankha kukugonekani masiku angapo pamene simunabanike. Izi simupempha pa kauntala, amaganiza ndi dokotala, ndipo mabedi a boma ndi osowa. Phindu lake lalikulu si makina ayi, koma maso. Namwino ndi amene amakupatsani mankhwala pa nthawi yake, akuona m'mene mukupopera, akulemba peak flow usana ndi usiku, kuphatikizapo m'bandakucha pamene mphumu imakonda kuvuta. Ngati m'masiku atatu kapena anayi manambala akwera bwino ndi mankhwala omwe aja munali nawo kunyumba, yankho lapezeka: vuto si mphamvu ya mankhwala, koma kapopedwe, kuiwala, kapena chipinda chomwe mumagona. Zimapweteka kumva, komabe ndi nkhani yabwino, chifukwa zimakonzeka popanda mankhwala odula.

Kugonekedwa kumathandizanso kuphatikiza zoyeza zomwe zikanatenga miyezi: CT scan ya mapapo, kuona m'mphuno ndi pakhosi ndi kakamera, nthawi zina bronchoscopy (kulowetsa kakamera m'njira za mpweya) yomwe imafuna kuti musadye kwa maola 6. Kamera ya pakhosi ija imagwira nthenda ina yonamiza, pamene kholingo limadzitseka pokoka mpweya, phokoso n'kumachokera pakhosi osati m'chifuwa, ndipo pampu siithandiza. Amene akhala pa prednisone miyezi yambiri amayezedwa shuga, BP, mafupa ndi cortisol wa m'mawa. Anthu amenewa asasiye prednisone mwadzidzidzi, thupi limakhala litaleka kupanga lokha cortisol, amene prednisone amalowa m'malo mwake, ndipo akhoza kukomoka.

Timaona kuti njira iyi ndi yoyenera kwa amene analowapo mu ICU, amene akulephera kutsika pa prednisone, amene zizindikiro zawo sizikugwirizana ndi manambala, ndi amene akuganiziridwa jakisoni wa biologic monga omalizumab kapena mepolizumab. Majakisoniwa ndi odula kwambiri, ndipo palibe angakuvomerezeni popanda umboni wolembedwa woti zina zonse zayesedwa.

Njira iyi ili ndi kuipa kumodzi kobisika. Wodi imakuchotsani pa chomwe chikukudwalitsani. Wopenta magalimoto ndi spray, wophika buledi amene amapuma ufa, wa mu saluni, mayi wa m'nyumba amene amatsuka bafa lotseka ndi Jik, wa m'gadeni wotchetcha kapinga, onsewa amachira mu wodi ndi kudwalanso Lolemba lotsatira. Mphumu ya ku ntchito imagwidwa ndi peak flow yolembedwa kanayi pa tsiku kapena kuposa, masabata awiri muli pa ntchito ndi masabata awiri muli pa tchuthi. Ikatsimikizika, ndi nthenda yolipiridwa pansi pa lamulo la COIDA, ndipo dokotala akhoza kukutumizani ku National Institute for Occupational Health yomwe ili konkuno. Chimodzimodzi ndi nyumba: mbaula kapena sitovu ya palafini m'chipinda chotseka mu Juni ndi Julaye, chuku pa khoma, mphemvu, fumbi la milu ya m'migodi mphepo ya Ogasiti ikayamba. Jambulani chipinda chanu mumusonyeze dokotala.

Dziwaninso kuti kuno kulibe gadiyani wogona pansi pa bedi ngati ku Queens kapena ku Central. M'mawodi a akuluakulu abale amalowa pa nthawi yozonda yokha. Kwa ana n'kosiyana, mayi kawirikawiri amaloledwa kukhala. Mwana wosakwana zaka 5 sangathe spirometry, choncho madokotala a ana, monga a ku Rahima Moosa, amadalira mbiri yake ndi kuyesa mankhwala oteteza kwa miyezi iwiri kapena itatu n'kuona kusintha.

Ku pulayiveti

Mukakhala ndi medical aid, njira yachidule ndi kukaonana ndi katswiri wa mapapo, pulmonologist, m'zipinda zake, za pa zipatala monga Netcare Milpark, Wits Donald Gordon kapena za Mediclinic ndi Life. Ambiri ali ndi makina a spirometry pomwepo, ndipo m'maulendo awiri kapena atatu zambiri zimakhala zachitika. Mphumu ili pa mndandanda wa matenda okhalitsa amene medical aid iliyonse imakakamizidwa kulipira, koma muyenera kuilembetsa ngati chronic, apo ayi ndalama zimachoka m'thumba lanu la tsiku ndi tsiku. Samalani ndi mapepala otsika mtengo otchedwa health insurance kapena hospital cash plan. Amenewo si medical aid ndipo lamulo limeneli siliwakhudza.

Anthu ena a hospital plan, medical aid yolipira makamaka munthu akagonekedwa, amapempha kugonekedwa kuti zoyeza zilipiridwe. Kugonekedwa kosakhala kwa ngozi kumafuna chilolezo cha medical aid pasadakhale, ndipo akaona kuti zikanatheka muli kunja amakana, bilu n'kugwera inu. Wolipira yekha akonzekere dipoziti yaikulu, komanso mabilu osiyanasiyana: la bedi, la dokotala, la labu, la X-ray. Kwa amene alibe medical aid koma ali ndi kangachepe, nzeru ndi kusakaniza: lipirani ulendo umodzi wa katswiri ndi spirometry, tengani lipoti losindikizidwa, mupite nalo ku boma kukapitiriza mankhwala.

Dokotala wa pa kona ndi famase

Sitinganyoze njira iyi poti ndi yomwe ambiri amadalira: kulipira kashi, nebulaiza, jakisoni, mapilisi a prednisone, mawa ku ntchito. Imathandiza usiku umodzi. Koma aliyense amakuonani kamodzi, palibe amene akuwerenga kuti aka ndi kachisanu chaka chino, ndipo pampu ya buluu imagulidwa popanda wofunsa. Ngati muli m'njira iyi, sankhani dokotala mmodzi, mumupemphe pampu yoteteza ya budesonide kapena beclomethasone, kapena yophatikiza ndi formoterol, ndi kalata yopitira patsogolo. Za kubwerera kumudzi kukayezedwa, musakwere basi ya masiku awiri kudutsa Beitbridge ndi Tete chifuwa chisanakhazikike. Makina ambiri amene tatchulawa ndi osavuta kuwapeza kuno.

Njira iliyonse imene mwatenga, nyamulani m'jumbo mankhwala onse amene mumamwa, ngakhale ooneka osakhudzana ndi chifuwa. Grand-Pa uja muli aspirin, ndipo aspirin, Brufen ndi diclofenac zimabanikitsa kwambiri anthu ena a mphumu, makamaka amene ali ndi timinofu tomera m'mphuno ndipo samva fungo. Atenolol ndi propranolol a BP, ngakhale timolol wodontheza m'maso, amafinya njira za mpweya. Enalapril amatsokomoletsa chifuwa chouma chimene ena amachiyesa mphumu. Tchulaninso chilungulira, kuliza mkonono ndi mankhwala achikuda.

Tengani mapampu enieniwo, osati mayina ake okha, ndipo mupope dokotala akuona. Zolakwa zake n'zofanana kwa ambiri: osagwedeza, kupopa kawiri nthawi imodzi, kukoka mothamanga, osasunga mpweya masekondi 10, kugwiritsa pampu yomwe inatha kale koma ikungotulutsa mphepo. Ya ufa ngati Turbuhaler ndi yosiyana, imafuna kukoka mwamphamvu. Spacer ikasowa, botolo la pulasitiki la 500 ml loboola kumatako kuti pampu ilowe mothina limagwira ntchito, ndipo madokotala a ana ku Cape Town anatsimikiza zimenezi. Mukapopa yoteteza chukuchani m'kamwa n'kulavula.

Pomwe akukutulutsani mu wodi, musavomere kungopatsidwa pampu ya buluu. Peak flow ikhale itafika 60 mpaka 80 peresenti ya nambala yanu yabwino, okosijeni akhazikike popanda paipi, m'manja mukhale pampu yoteteza, prednisone wotsala, pepala lonena chochita manambala akatsika, ndi deti yokaonedwanso pasanathe masiku 7. Deti ya spirometry ikhale patapita masabata 4 mpaka 6, ndipo muifunse musanavule chibangili cha chipatala pa mkono.